Fodya wa pachala

Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Amene anayamba kunena mawu amenewa ayenera kuti anaonapo nkhalamba ikugogoda kabotolo pachikhatho, n'kutsina fodya ndi zala ziwiri, kenako n'kugwa m'nkhani dzanja lili m'malere. Nkhani za akuluakulu sizichedwa kutalika. Kamphepo kamadutsa, ndipo pamene chala chikufika pamphuno pamakhala patatsala kafungo kokha. Langizo lake ndi lalifupi: usawerengere chomwe sichinalowe. Mbuzi yomwe amalume analonjeza, ntchito yomwe bwana anati aiganizira, chimanga chomwe changomasula kumene ngaiyaye, zonsezi zikadali pachala.

Palibe anthu omwe amaugwiritsitsa mwambiwu kuposa amalonda, ngakhale ambiri sautchula ndi pakamwa. Iwo amaulemba ndi penti pakhoma la okala m'mawu awiri okha: "Ngongole mawa." Kafukufuku wa FinScope wa chaka cha 2019 anapeza kuti m'Malawi muno anthu oposa 1.1 miliyoni ali ndi mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati, ndipo mabizinesiwo akukwana pafupifupi 1.6 miliyoni, ambiri mwa iwo osalembetsa kuboma. Dzuwa likalowa, khamu lonseli limachita mwambo umodzi. Wina amamasula mfundo ya pachitenje, wina amakhuthula chitini, wina amakoka dilowa. Amawongola ndalama zokwinyika, kunyowetsa chala, n'kuyamba kuwerenga. Zomwe apeza pamenepo ndizo zimagamula zoti mawa akaode chiyani, zochuluka bwanji, komanso ngati pakhomo padyedwe usipa kapena nyama.

Pa nkhani ya ngongole mwambiwu sunama ngakhale pang'ono. Maokala ambiri omwe ali ndi chikwangwani chokana ngongole alinso ndi kope la ngongole, lobisidwa kuseri kwa mapaketi a mchere. Ndi kope la ana asukulu, chikuto chinathothoka kalekale, m'makona munada ndi mafuta ophikira. Mayina ake si a pachiphaso ayi: "aphunzitsi", "amake mapasa", "a njinga yofiira", "alendo a kwa alandilodi". Pansi pa dzina lililonse patsika mndandanda: shuga theka, sopo mmodzi, kandulo, buledi, mafuta a K500, ndipo pambali pake palembedwa kuti "pakutha pa mwezi". Mizere ina inakhwatchidwa. Ina yakhala chomwecho kuyambira dzinja latha, ndipo amake mapasa anasamuka usiku osatsanzika. Mwini okala akaphatikiza zonsezo amadzitonthoza kuti, "Ndili ndi K200,000 kwa anthu." Koma akafika ku Malangalanga ku Lilongwe kapena m'maholoselo a ku Limbe, palibe yemwe amalandira ndalama zomwe zili kwa anthu. Kumeneko amafuna za m'manja.

Foni yabweretsa fodya wa pachala wamtundu watsopano, wonunkhira kuposa wakale. Mtsikana wapikula madiresi a kaunjika kumsika wa Tsoka, wawachapa, wawasita, wawajambula atawapachika pachitseko, n'kuwaika pa sitetasi ya WhatsApp. Asanathe maola 24 omwe chithunzi chimakhalapo, kanambala ka m'munsi kakumuuza kuti anthu 300 aona. Mauthenga ayamba kulowa. "Zingati?" "Muli mbali iti, asisi?" "Lofiiralo ndisungireni, ndikubwera." Mtima uli m'mwamba, ndipo m'mutu mwake wagula kale belo lathunthu. Pofika Loweruka madiresi omwe achoka ndi awiri, lofiira lija likadali pachitseko, atakaniza anthu ena omwe anabwera ndi ndalama m'manja. Ngakhale mawu akuti "ndatumiza, taonani" anasiya kukhulupirika, chifukwa akamberembere anaphunzira kupeka uthenga wofanana ndi wa Airtel Money kapena Mpamba. Wamalonda wochenjera satulutsa katundu mpaka ataona yekha kuti ndalama za mufoni mwake zakweradi. Mpaka apa agogo omwe anayamba mwambiwu akulondola, ndipo ndilibe nawo mlandu.

Mlandu umayamba tikafunsa ngati zonse zomwe zafika pamphuno zili zakodi. Mulu wa ndalama wa madzulo uja uli ndi eni ake ambiri. Tiyerekeze mayi amene wagulitsa mandasi 200 pa K200 limodzi. Zalowa K40,000, zonse ndalama zenizeni, popanda ngongole. Koma K31,000 ndi ya ufa, mafuta, shuga, yisiti ndi makala a mawa, ndipo K2,000 ndi ya kabaza ndi tikiti ya msika. Yake ndi K7,000. Masana anatapapo K4,000 ya ndiwo, mwana anabwera akulirira kope n'kutenga K1,500, mlamu anadutsa alibe thiransipoti n'kupatsidwa K2,000. Palibe choipa chomwe mayiyu wachita, ndipo palibe yemwe wamubera. Wangodutsa malire ndi K500 yokha, kandalama komwe munthu sangasowe nako tulo. Koma K500 ya tsiku ndi tsiku pakatha miyezi iwiri yakwana K30,000, pafupifupi mpamba wonse. Ufa umayamba kugulidwa wochepa, mandasi amachepa, phindu limachepa nawo, koma ndiwo sizichepa. Tsoka lake n'lakuti mpamba ndi phindu zimakoma mofanana pakamwa. Munthu amazindikira kuti wakhala akudya mpamba tsiku lomwe ufa wa mawa wasowa choulipirira.

Zikafika pamenepa anthu amatchula chitaka. Amakumbukira mlendo wina yemwe anagula kabokosi ka machesi ndi K5,000 n'kulandira chenji, ndipo akuti kuyambira tsikulo ndalama sizikhalanso m'chitini. Ena amaponyamo kakhala kapena singano kuti adziteteze. Za chitaka sinditsutsana ndi munthu, poti aliyense ali ndi zomwe anaona. Ndingoti wamalonda amene angalembe kwa mwezi umodzi wokha ndalama iliyonse yotuluka m'chitinimo, ndi dzina la woitenga, adzapeza kuti chitaka chambiri chimagona m'nyumba momwemo, ndipo nthawi zina chimakhala dzanja lake lomwe. Vutoli si lathu lokha. James Ritty, mwini malo omwera mowa mumzinda wa Dayton ku America, ankakayikira kuti antchito ake akumusolola, ndipo m'chaka cha 1879 iye ndi m'bale wake anapanga makina osonyeza ndalama iliyonse yolowa, kholo la makina omwe timawaona pakauntala m'masitolo akuluakulu lero. Kwa uja panafunika chitsulo. Mwini okala angayambe ndi cholembera.

Mphuno ilinso ndi chilema china: sikumbukira. Mulu wa madzulo umanena kuchuluka kwa ndalama koma sunena komwe zachokera. Funsani mwini golosale kuti n'chiyani chimayenda kwambiri, ayankha osaphethira: shuga, buledi, mayunitsi. Mufunseni kuti n'chiyani chimamudyetsa, ayamba kukanda mutu. Katundu wothamanga kawirikawiri ndi amene mtengo wake aliyense amaudziwa, choncho sungaikepo zambiri. Tizinthu tosatchuka, maswiti ogulitsa limodzilimodzi, mchere wopima m'timapepala, malezala, titha kusiya kambiri pa kwacha iliyonse ngakhale timachoka mwakachetechete. Palinso katundu wogona: mabotolo a mafuta odzola omwe anaodedwa chifukwa a okala ya patsogolo anaoda, ndipo akhala pashelefu mpaka fumbi lawasintha mtundu. Imeneyo ndi ndalama yomwe ikanazungulira kangapo ikanakhala mu sopo. Koma apa pafunika kudekha. Amene angaone kuti buledi samusiyira kanthu n'kuleka kumuoda adzadabwa kuti majarini, tiyi ndi shuga nazonso zaima, chifukwa buledi ndiye ankadzutsa anthu m'mawa n'kuwafikitsa pawindo pake. Nambala ya buledi payokha siinena zimenezo. Amazidziwa ndi amene amaona, kapena kulemba, zomwe munthu mmodzi wagulira pamodzi.

Ndiye pali chomwe agogo aja sakanachilota: mphepo yolowa mpaka m'mphuno. Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi yomwe inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Taganizirani amalonda awiri usiku wa chilengezocho. Woyamba anamvera mwambi bwinobwino: anagulitsa makatoni ake onse a sopo pa mtengo wakale, ndalama m'thumba, mtima pansi. Wachiwiri malonda sanamuyendere sabata imeneyo, ndipo anagona akudandaula, mashelefu ali odzaza. Woyamba uja atapita kukaoda, ndalama yomwe inkagula makatoni khumi sinathenso kugula khumi. Amene anatsala ndi sopo ndiye anatsala ndi chuma. M'dziko lomwe pepala la K1,000 linabwera mu 2012, la K2,000 mu 2016 ndi la K5,000 mu 2022, ndalama ya m'manja singatchedwenso pobisalira. N'chifukwa chake kope lolemba makwacha okha limanyenga mwini wake: limamuuza kuti chaka chino wagulitsa kuposa chaka chatha, chikhalirecho matumba ndi makatoni omwe atuluka pakhomo achepa. Pambali pa makwacha pamafunika nambala yachiwiri, ya katundu weniweni, ndipo mtengo woodera uzilembedwa ndi tsiku lake. Wamalonda amene wapulumuka zaka zimenezi anaphunzira, mwina mowawa, kuti mtengo wogulitsira lero uyenera kuyang'ana mtengo wokaodera mawa. Wa dzulo unapita ndi dzulo lomwelo, ngakhale kasitomala atakalipa kuti, "Katundu yemweyu munali naye kale, mwakwezeranji?"

Koma pomwe mwambiwu umaperewera kwenikweni ndi apa: palibe fodya amene amafika pamphuno osadzera pachala. Munthu amene angaope mphepo mpaka kuleka kutsina sadzanunkhiza konse. Mlimi wa fodya weniweniyo amadziwa zimenezi. Amafesa nazale chilimwe chili pakati, amawokera mvula ikagwa, n'kudikira mpaka cha mu Epulo kuti misika ya ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu itsegulidwe, ndipo miyezi yonseyo amangotulutsa ndalama. Kutsatsa malonda kuli m'gulu lomwelo. Chikwangwani cha pamsewu, uthenga wa pawailesi ya m'dera monga Dzimwe ku Mangochi kapena Mudziwathu ku Mchinji, bandulo yoikira zithunzi, tomato wa basela, kachimkuzamawu kobwereza mtengo tsiku lonse mumsika, zonsezi mumalipira lero, zobweza zake osazidziwa. Anthu amati John Wanamaker, mwini sitolo yaikulu ku Philadelphia yemwe anamwalira mu 1922, ankadandaula kuti theka la ndalama zake zotsatsira malonda limapita pachabe, koma sankadziwa kuti ndi theka liti. Mwambi wathu ukanamuuza kuti zonsezo n'za mphepo. Ukanalakwitsa ndi theka.

Mphepo imatenga, inde, koma sitenga zonse, ndipo gawo lomwe imatenga limawerengeka. Wanamaker anali ndi makasitomala zikwizikwi omwe sakanatha kuwafunsa mmodzimmodzi. Kalipentala wa ku Mchesi kapena telala wa pakhonde ku Ndirande ali ndi mwayi womwe mkulu uja analibe: aliyense wogula amakumana naye maso ndi maso. Funso lake ndi limodzi, lofunsidwa mocheza uku akupima: "Koma mwatidziwa bwanji, achimwene?" Yankho likabwera n'kungoika kamzere patsamba. Tiyerekeze kuti pakutha pa miyezi iwiri, mwa anthu 20 omwe anaperekadi ndalama, 13 anatumizidwa ndi munthu amene anagulapo kale, 5 anangoona sofa panja akudutsa pa minibasi, 2 anachokera pa Facebook. Kalipentalayo wadziwa tsopano komwe K30,000 yake yotsatira iyenera kupita: ku vanishi wabwino, ku kumaliza mipando pa tsiku lomwe analonjeza, ku mayunitsi oimbira kasitomala wakale n'kumufunsa ngati bedi lija likadali bwino. Mayi wophika makeke a ukwati akhoza kupeza timizere take tonse tili ku zithunzi za pafoni, ndipo kwa iyeyo bandulo ndi gawo la mpamba. Awiriwa atasinthana nzeru, onse angagwe. Zomwe zimavuta kwathu kuno n'zoti timakonda kuonera kwa oyandikana nawo: mmodzi akapenta khoma tonse tipenta, mmodzi akagula sipika tonse tigula, mpaka msika wonse ukusokosera ndipo palibe amene akumveka.

Mtsikana wa madiresi uja nayenso atha kusandutsa "zingati?" kukhala nambala yomuthandiza. Akalemba kwa milungu ingapo adzaona, mwachitsanzo, kuti mwa ofunsa khumi aliwonse amagula awiri. Akadziwa zimenezo sakhumudwanso ndi asanu ndi atatu enawo, ndipo sathamangiranso belo chifukwa cha chisangalalo cha Lolemba. Chachikulu n'choti aone pomwe anthuwo amathawira. Ngati amangoti zii akamva mtengo, ndiye kuti mtengo wakwera kapena zithunzi zikufika kwa anthu omwe si ogula zovala zotere. Ngati amasowa akamva kuti iye ali ku Area 25 pamene iwo ali ku Kawale, pafunika kupangana ndi wa njinga yamoto kapena kusankha tsiku lokumanirana m'tauni. Ngati amasowa chifukwa uthenga wa m'mawa wayankhidwa usiku, apo palibe wonamizira. Mavuto atatu osiyana, onse ooneka chimodzimodzi pa mulu wa madzulo, ndipo wosalemba amawayankha onse ndi chinthu chimodzi: kutsitsa mtengo. Amadzilanda phindu pofuna kukonza vuto lomwe linali la kuyankha mochedwa. Wolembayo nayenso asapupulume. Amene wapenta okala, watsitsa mtengo wa mafuta, n'kulipiranso uthenga pawailesi sabata imodzimodziyo, sabata yomwenso ogwira ntchito m'boma alandira, sadzadziwa chomwe chabweretsa anthu. Adzayamika chomwe ankachikonda kale. Kusintha chimodzi, kudikira, kuwerenga, kenako kusintha china: n'kochedwa, n'kotopetsa, koma sindikudziwa njira ina yoona zoona.

Pali fodya wina yemwe safika ngakhale pachala. Mayi wafika pawindo, mwana kumbuyo. "Muli ndi mapampasi ang'onoang'ono?" "Tilibe, mayi." "Nanga yisiti?" "Yatha dzulo." Watembenuka, wapita ku okala yotsatira, ndipo kumeneko wagula ndi sopo yemwe akanagula kwa inu. Madzulo palibe chizindikiro chilichonse choti munthuyo anabwera. Ine ndimaona kuti tsamba lofunika kuposa onse m'kope la wamalonda ndi lomwe ambiri alibe, tsamba la "tilibe": chinthu chomwe chafunsidwa, ndi kamzere nthawi iliyonse chikafunsidwanso. Makampani akuluakulu amalipira ndalama zankhaninkhani kuti adziwe zomwe anthu akufuna. Mwini okala amauzidwa mwaulere tsiku ndi tsiku, pakhomo pake pomwe, n'kuiwala asanamalize kupereka chenji kwa wotsatira.

Za nyengo aliyense amati amadziwa. Januwale ndi Febuluwale ndi owawa, nkhokwe zapepuka, fizi yadya zotsala za Khirisimasi. Ndalama zimayamba kuoneka anthu akakolola ndi fodya akayamba kugulitsidwa. Sukulu zikamatsegulira mu Sepitembala makope, sopo ndi shuga zimathamanga. Zonsezi n'zoona. Koma kudziwa kuti Febuluwale ngwowawa n'kosiyana ndi kudziwa kuti Febuluwale wa chaka chatha munagulitsa mabelo awiri a shuga m'malo mwa asanu. Choyambacho mungakambe ndi anzanu pa bawo. Chachiwiricho mungapite nacho kuholoselo. Mutu wa munthu umasunga tsiku labwino kwambiri ndi tsiku loipa kwambiri, n'kutaya masiku wamba, omwe ndiwo amadyetsa banja.

Nanga n'chifukwa chiyani ambiri salemba? Ophunzitsa za bizinesi, aja amisonkhano ya m'mahotela yothera pa chithunzi cha gulu, amathamangira kunena kuti ndi umbuli. Ine sindikhulupirira. Amayi osalemba omwewo akakhala pa banki m'khonde amadziwa masheya a aliyense mpaka chidindo chomaliza m'kabuku, ndipo yemwe wachedwa kubweza sangawazembe ndi tambala imodzi. Chomwe chimaletsa anthu nthawi zambiri ndi mantha, ndipo mantha ena ndi omveka. Kope limawerengedwa ndi aliyense amene walipeza: bambo a pakhomo omwe akaona phindu aleka kusiya ya ndiwo, m'bale yemwe ayambe ndi mawu akuti "ndaona kuti zikukuyenderani", komanso, m'maganizo a ambiri, a msonkho. Kuchokera pomwe bungwe la msonkho la MRA linabweretsa makina otulutsa malisiti a EFD mu 2014 kwa amalonda olembetsa VAT, ena anayamba kuopa pepala lililonse lokhala ndi manambala, ngakhale lamulolo lisakuwakhudza. Mantha ena ndi obisika kwambiri. Munthu safuna kuona ndi maso ake kuti geni yomwe imamudzutsa tambala asanalire ikumulipira zochepa kuposa ganyu. Ameneyu sindimuseka. Koma kusadziwa sikunamuonjezerepo munthu phindu, ndipo tsiku lomwe adzafune ngongole kubanki adzafunsidwa umboni wa momwe malonda ake amayendera. Chodabwitsa n'choti ambiri umboniwo akuyenda nawo kale m'thumba. Ndalama iliyonse yolowa pafoni imasiya uthenga wokhala ndi tsiku, nthawi ndi kuchuluka kwake, ndipo foni ikadzaza mauthenga amenewa ndiwo amayamba kufufutidwa.

Komanso kope si mneneri. Limadziwa dzulo lokha, ndipo dzulo la bizinesi yaing'ono ndi la manambala ochepa omwe maliro amodzi m'mudzi angawapotoze. Lachitatu lina malonda anafa chifukwa kunagwa mvula tsiku lonse, lina chifukwa minibasi zinali pamzere wa mafuta, lina chifukwa magetsi anazima zakumwa n'kutentha. Amene salemba chifukwa pambali pa nambala adzaweruza Lachitatu losalakwa, n'kuyamba kutseka masana tsiku lomwe silinamuchimwire. Ndipo pali zina zomwe kope lidzazitcha kutaya koma mudzi umazitcha umunthu. Gogo wa kuseri amene amatenga mchere ndi machesi osabweza, kope lidzamuika pamzere wa otayitsa. Silidziwa kuti ndi iyeyo amene amakhala pawindo inu mukathamangira kuchipatala ndi mwana, kapena kuti adzukulu ake onse amagula kwa inu chifukwa cha iye. Ine ndingati mupatseni ndithu, koma lembani. Mukadziwa kuti gogoyo amakudyerani zingati pamwezi, mudziwa ngati mungathe kumusunga chaka chonse ndiponso ngati pali malo a gogo wachiwiri. Maokala omwe ankapereka osawerenga ambiri anatsekedwa, ndipo agogo awo tsopano alibe kotenga mchere.

Anzanga a geni, ngati zonsezi zikukuchulukirani, musayambe ndi kompyuta kapena maphunziro a m'hotela. Yambani ndi tsamba limodzi, la "tilibe" lija, poti silifuna masamu, ndipo palibe m'bale kapena wa msonkho amene angakusowetseni nalo mtendere. Mangirirani cholembera chingwe pafupi ndi windo kuti ana asapite nacho kusukulu, ndipo uzani aliyense amene amakugwirirani pamalopo kuti nayenso aziika kamzere. Lembani kwa milungu inayi. Tsiku lokaoda likafika, ling'ambeni tsambalo, mulipinde, mulitenge pamodzi ndi ndalama.